Kabawuti kotulutsira mpweya m'mabuleki kakukana kumasuka

Akuluakulu odziwa za galimoto, ndikupempha nzeru zanu. Ndimafuna kutulutsa mpweya m'mabuleki a tayala lakutsogolo, koma kabawuti kake kanagwira dzimbiri, ndipo sipanala ya 8 mm itaterereka kawiri makona onse a mutu wake anadyeka, moti tsopano wangokhala wobulungira. Ndinathirapo mafuta ofewetsa dzimbiri a WD-40 n'kukasiya usiku wonse, m'mawa ndinayesa vice grip (pulayala yopana mwamphamvu), koma sikanasunthe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kabawutika n'kobowoka m'kati, choncho ndikapotoza mwamphamvu kangathyokere mu caliper momwemo (chitsulo chopana mabuleki, momwe kabawutika kamangidwa). Kodi ndikhomerepo soketi yocheperapo ndi hamala, kapena nditenthe chitsulo chokazungulira? Ngati n'kutentha, kodi labala wa pisitoni ya mu caliper angapirire motowo, kapena ndiyambe ndamuchotsa? Chonde ndithandizeni, chifukwa mabulekiwo sakugwira bwino ndipo galimotoyo sindingayende nayo.