Kodi akatswiri a sayansi angatilamulire bwino kuposa anthu ovoteredwa?

Chimwemwe, Zingwangwa

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Namondwe wa Freddy asanafike mu Marichi 2023, a zanyengo anachenjeza kukadali masiku, komabe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira anthu ku Chilobwe. Akatswiri akhala akunena kuti m'phirimo simoyenera kumanga nyumba, koma andale amaopa kusamutsa anthu poti ndi mavoti awo. Ndiye timavoteranji? Bwanji osangopereka boma kwa madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a zachuma, aziyendetsa dziko potsatira kafukufuku? Ku Queens sitivotera munthu woti achite opaleshoni.

Bambo Nkhoma, Namiwawa

Achimwene, tiyeni tiyese maganizo anuwa pa chinthu chimodzi chooneka ndi maso: Kamuzu Barrage ya ku Liwonde. Zipata zake ndizo zimachepetsa kapena kuonjezera madzi otsika mu Shire kuchokera ku nyanja. Sayansi yake ndi yodziwika. Mumayeza pamene nyanja yafika, mvula yomwe yagwa kumtunda ndi madzi omwe akuuma ndi dzuwa, kenako mumawerengera kuti zipata zikatsegulidwa mwakuti, pa sekondi iliyonse padutsa madzi ochuluka bwanji. Mainjiniya awiri odziwa ntchito sangasiyane kwenikweni pamenepa.

Tsono mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. A kumeneko ankafuula kuti tsegulani zipata. Koma madzi mukawamasula kwambiri amakathera m'madimba a ku Chikwawa ndi Nsanje. Makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amafuna madzi oyenda mokhazikika chaka chonse, kuphatikizapo mu Okutobala mvula isanagwe. Madzi ambiri omwe timamwa mu Blantyre muno amapopedwa pa Walker's Ferry, mu Shire momwemo.

Injiniya angakulembereni bwinobwino kuti mukatsegula chonchi amira ndi awa, mukatseka amira ndi awo. Chomwe sangakuuzeni ndi chakuti cholemera n'chiti pakati pa nyumba ya munthu wa ku Mangochi ndi chimanga cha munthu wa ku Nsanje. Palibe chipangizo choyezera zimenezo. Amene wasankha pamenepo wachita ndale, kaya ali ndi madigiri angati. Kusiyana kwake n'kwakuti phungu mungamuchotse pakatha zaka zisanu, pamene katswiri wosavoteredwa mulibe pomugwira.

Mayi Nangondo, Chilomoni

Ndionjezere pa zomwe anena Bambo Nkhoma. Boma la akatswiri tinalilawa kale m'dziko muno, ndipo agogo athu ankalitcha malimidwe. Itatha njala ya 1949, yomwe inasautsa kwambiri madera ozungulira Blantyre, boma la atsamunda linalimbikitsa malamulo oteteza nthaka. Aliyense ankayenera kulima mizere yopingasa, kukumba migula, kuzula mapesi pa nthawi yoikika ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa kumene.

Zina mwa mfundozo zinali zoona ndithu, mizere yopingasa timalima mpaka lero. Cholakwika chinali chakuti lamulo limodzi ankalikakamiza paliponse, ngakhale m'malo a dothi losunga madzi kapena lamchenga komwe alimi ankadziwa kuti matutu ndiwo amathandiza. Ntchito ya migula inkagwera kwambiri amayi, amuna ambiri ali ku migodi. Mlimi analibe kokadandaula, choncho mlangizi sankamva kuti malangizo ake akulephera. Mapeto ake anthu anadana ndi alangizi, ena n'kumagumula migula usiku, ndipo mkwiyo umenewu unapatsa mphamvu chipani cha Nyasaland African Congress kumidzi.

Kunja zinafika poipa kuposa apa. Ku Soviet Union, Trofim Lysenko anakopa Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, ndi chiphunzitso cholakwika cha mbewu, ndipo mu 1948 maphunziro enieni a chibadwa cha zamoyo analetsedwa. Nikolai Vavilov, katswiri weniweni wa mbewu, anali atafera kale m'ndende mu 1943. Sayansi imakula chifukwa wina amaloledwa kunena kuti mwalakwitsa, n'kubweretsa umboni wake. Mukaipatsa apolisi ndi ndende, wotsutsa amakhala chete, ndipo cholakwika chimakhala zaka zambiri chisanaoneke.

Bambo Jere, Limbe

Mayi Nangondo, zomwe mwanenazi sindikuzikana, koma tisamutaye Chimwemwe ngati alibe mfundo. Pali zinthu zina zomwe andale akazigwira zimaonongeka, ndipo mtengo wa mafuta ndi chitsanzo chapafupi.

MERA, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, ili ndi njira yowerengera mtengowu yomwe inakhazikitsidwa kale. Amatenga mtengo wogulira mafuta kunja, mtengo wowanyamula kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, mphamvu ya kwacha ndi misonkho. Mtengo wofikitsira mafuta kuno ukasintha kupitirira 5 peresenti, wa pa pampu uyenera kusinthanso. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anafika pa K2,530 pa lita, n'kukhala pomwepo chaka chonse cha 2024 ngakhale zinthu zinkasintha. Zikatere oitanitsa mafuta amagulitsa moluza, thumba lowabwezera limauma, ngongole kwa ogulitsa akunja imakula, ndipo mafuta athu otsika mtengo amazembetsedwa kupita kumaiko oyandikana nafe. Kusowa kwa ndalama zakunja kunaonjezera moto. Mizere ya pa filing'i siteshoni munaiona nokha, ndi mtengo wa m'zigubu womwe.

Ndiye ine ndikuti ntchito igawidwe. Nyumba ya Malamulo, yomwe tinaivotera, ikambirane poyera n'kugwirizana njira yowerengera komanso momwe osauka angatetezedwere mtengo ukakwera. Ikatero, akatswiri aziitsatira mwezi ndi mwezi popanda foni yochokera kwa nduna, ndipo manambala awo azisindikizidwa kuti aliyense awaone. Aphungu akaona kuti njirayo ikupweteka anthu, aisinthe masana ndi lamulo lina, osati kuinyalanyaza mwakachetechete.

Achemwali Nabanda, Ndirande

Za chipatala zomwe mwayambira nazo, achimwene, zili ndi mbali ina. N'zoona sitivotera dokotala, koma dokotalayo sangakung'ambeni musanasaine kuti mwavomera.

Onani katemera wa taifodi. Anayesedwa kuno ku Ndirande ndi kwanu ku Zingwangwa kuyambira 2018, pa ana oposa 28,000. Asanabaye mwana ndi mmodzi yemwe, kafukufukuyo anayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku, mafumu ndi aphunzitsi anafotokozeredwa, ndipo kholo lililonse linali ndi ufulu wokana. Zotsatira zinaonetsa kuti amateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse, ndipo mu 2023 anaperekedwa dziko lonse.

Fanizirani ndi m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linalengeza mu Epulo 2020 chifukwa cha Covid-19. Pa sayansi ya miliri, kuchepetsa kukumana kwa anthu kumachepetsadi matenda. Koma munthu wogulitsa tomato mu msika wa Limbe, amene ndiwo za madzulo amagula ndi ndalama ya tsiku lomwelo, sanauzidwe kuti adya chiyani. Mavenda anayenda pamsewu, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anapita kukhoti, ndipo khoti lalikulu linaimitsa m'bindikirowo usanayambe. Njala nayo imapha, ndipo amene anaikumbutsa boma anali anthu wamba okhala ndi ufulu wolankhula.

Chimwemwe, Zingwangwa

Ndamva, zikomo nonse. Koma za ku Soche simunandiyankhe. Anthu akubwereranso m'malo omwewo. Demokalase yachitapo chiyani?

Bambo Nkhoma, Namiwawa

Pa Soche, achimwene, mbali ya sayansi ndi yomwe ili yosavuta. Mumayeza kutsetsereka kwa malo, kuya kwa dothi pamwamba pa thanthwe ndi makwawa omwe madzi amatsata, n'kujambula mapu oonetsa poopsa kwambiri, poopsa pang'ono ndi pabwino. Mitengo ikatha, dothi likakhuta mvula ya masiku atatu limatsetsereka lonse pamodzi ndi miyala. Izi akatswiri angamalize m'miyezi yochepa.

Chovuta chimabwera pambuyo pake. Munthu anamanga m'phiri chifukwa ndi pomwe anapeza puloti yomwe akanakwanitsa, pafupi ndi ganyu wa m'tauni. Mukamupatsa malo kutali, kopanda mjigo, sukulu kapena minibasi, amagulitsa n'kubwerera. Ndiye pamafunika kupeza malo okhala ndi madzi ndi msewu anthu asanasamuke, kugwirizana za chipukuta misozi kwa eni nyumba ndi kwa ochita lendi omwe, kuletsa ogulitsa mapuloti m'phirimo, ndi kubzala mitengo pamalo posamukapo msangamsanga kuti wina asamangepo. Chilichonse mwa izi chimafuna ndalama za mu bajeti, ndipo bajeti amavomereza ndi makhansala ndi aphungu.

Musaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zonsezo khonsolo ya mzinda inkayendetsedwa ndi ogwira ntchito olembedwa, ambiri a iwo ophunzira bwino, popanda woimira anthu a ku Chilobwe wowafunsa mafunso, ndipo nyumba zinkakwerabe phiri. Lero lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 lilipo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lemberani khonsolo kalata yopempha mapu a malo oopsa a dera lanu ndi ndalama zomwe zaikidwa chaka chino zosamutsira anthu, ndipo kope ya kalatayo mupatse khansala wanu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera.