Kodi ndisiye Nikon D7200 yanga ndigule Z50 II, kapena ndipirire kaye?

Wofunsa, wa ku Zomba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa miyezi ingapo tsopano. Ndili ndi kamera ya Nikon D7200, imene inatuluka mu 2015, ndipo ine ndinaigula kwa munthu wina itagwirapo kale ntchito pang'ono. Malenzi anga ndi atatu: 18-140mm imene ndimayenda nayo tsiku ndi tsiku, AF-S 70-300mm ya mbalame, ndi 50mm f/1.8D yakale imene ndimaikonda pojambula nkhope za anthu. Kujambula si ntchito imene imandidyetsa, koma ndi chinthu chimene ndimachiikirapo mtima, ndipo mwa apo ndi apo abale amandipempha kuti ndiwajambule pa chinkhoswe kapena pa ukwati.

Chimene chandifikitsa pano ndi ulendo wanga wa ku Liwonde mwezi wathawu. Tinali m'bwato pa mtsinje wa Shire m'mawa, nkhwazi inatsika pa mtengo n'kudzatola nsomba pafupi kwambiri ndi ife, moti madzi amene inathovutsa ndinawamva ndi makutu angawa. Ndinajambula zithunzi zoposa khumi motsatizana, koma nditafika kunyumba n'kuziika pa kompyuta, ndinapeza kuti zooneka bwino ndi mabango a kutsidya, pamene nkhwaziyo ili mbuu. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mwayi wotere subwera kawiri pa ulendo umodzi.

Ndamva kuti Z50 II, kamera ya Nikon yopanda kalilole m'kati imene inatuluka kumapeto kwa 2024, imatha kuzindikira yokha mbalame ndi kuitsatira ikamauluka. Ndalama zimene ndasunga zikhoza kukwanira kamerayo ndi adaputa ya FTZ II yolumikizira malenzi anga akale ku kamerayo, koma zikatero ndiye kuti sipatsala kanthu. Kodi ndichite bwanji?

Yankho loyamba, kuchokera kwa wojambula mbalame wachikulire:

Achimwene, musanatulutse ndalama, chonde tsegulaninso zithunzi za nkhwazi zija ndipo muone manambala amene kamera inalemba pa chithunzi chilichonse. Ndikufuna mudziwe zinthu zitatu: liwiro la shata, mtundu wa fokasi umene munasankha, ndiponso ngati lenzi inali pa 300mm penipeni. Ndikunena izi chifukwa chithunzi chosaoneka bwino chimakhala ndi magwero osiyanasiyana, ndipo kamera yatsopano imangochiza amodzi mwa magwerowo. Mbalame yaikulu ikamauluka imafuna shata yotseguka kwa 1/2000 ya sekondi kapena yothamanga kuposerapo, ndipo ngati munali pa 1/500 chifukwa kunali kusanawale bwino, ngakhale kamera yodula bwanji ikanakupatsani mapiko osaoneka bwino. Koma mwanena kuti mabango akuoneka bwino, zimene zikundipangitsa kuganiza kuti fokasi inagwira kumbuyo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri munthu akaisiya kamera kuti isankhe yokha pakati pa madontho ake onse 51 a fokasi, chifukwa imathamangira chinthu chimene chili ndi mizere yooneka bwino, ndipo mabango ali ndi mizere yambiri kuposa nthenga za mbalame. Ikani AF-C, fokasi imene imapitiriza kutsatira chinthu choyenda, sankhani madontho 9 kapena 21, ndipo muiphunzitse mikono yanu kuyenda limodzi ndi mbalame. Yesaninso kujambula mochepetsa chithunzi pa 1.3x, pakuti mukatero madontho a fokasi amadzaza pafupifupi chithunzi chonse ndipo kamera imafika pa zithunzi 7 pa sekondi m'malo mwa 6.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kutsindika, ndi lenzi. Sensa ya D7200, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, ili ndi ma megapixel 24, pamene ya Z50 II ili ndi pafupifupi 21, kotero musayembekezere kuti zithunzi zanu zidzakhala ndi tsatanetsatane wochuluka mukasintha. Chimene chimasiyanitsa chithunzi cha mbalame ndi kuyandikira, ndipo 300mm ndi yaifupi pa mbalame zambiri za m'mbali mwa Shire, komanso lenzi ya 70-300mm imafooka pang'ono ikafika kumapeto kwake. Ine ndikanakhala inu, ndalamazo ndikanagulira AF-S 200-500mm f/5.6 yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi yolemera, makilogalamu oposa awiri, ndipo tsiku loyamba mapewa adzakuwawani, koma diso la kakowa mudzaliona monga simunalionepo. Ubwino wina ndi wakuti lenzi imeneyi imagwiranso ntchito pa makamera a Z kudzera pa adaputa, ndiye tsiku limene mudzasinthe kamera simudzakhala mutataya kanthu.

Yankho lachiwiri, kuchokera kwa mayi amene anasintha kale:

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa pa nkhani ya lenzi, koma ndikuona kuti achepetsa kwambiri kusiyana kwa fokasi, ndipo ine ndikulankhula monga munthu amene ndinagwiritsa ntchito D7100 kwa zaka zambiri ndisanagule Z50 II. Kamera yatsopanoyi ili ndi purosesa ya Expeed 7, yofanana ndi imene ili m'makamera apamwamba a Nikon, Z8 ndi Z9, ndipo mukaiuza kuti ifune mbalame, kabokosi kamakhala pa mutu wa mbalameyo, nthawi zina pa diso penipeni, ngakhale kumbuyo kuli mabango kapena nthambi. Sindikunena kuti siphonya, chifukwa anamzeze akamauluka motsika amaisokonezabe, koma zithunzi zimene ndimasunga pa ulendo umodzi zachuluka moonekeratu. Palinso chinthu china chimene D7200 singachite ngakhale mutaiphunzira bwanji: mukagwira batani mwatheka, kamera imayamba kusunga zithunzi, ndipo mukadina imakupatsaninso za sekondi imodzi yapitayo. Zithunzi zimenezi zimakhala za JPEG zokha, mafayilo opanikizidwa amene salola kukonza kwambiri pa kompyuta, koma pa mbalame imene ikunyamuka pa nthambi, sekondi imeneyo ndi imene chala cha munthu chimachedwa nayo.

Komabe ndikanakhala wosakhulupirika ndikanabisa zimene ndinataya. Batire ya D7200 inayesedwa kuti imajambula zithunzi zoposa 1,000, pamene ya Z50 II sifika ngakhale 300 pa muyeso womwewo, ndipo mabatire anu akale salowa m'kamera yatsopanoyi. Mudzafunika kugula ena awiri, ndiye muwawerengere pa mtengo. Chotonthoza n'chakuti imatchajidwa pa USB-C, kotero magetsi akazima kapena mukakhala kutchire, power bank ya foni imakuthandizani. Chinanso, lenzi yanu ya 50mm f/1.8D idzalowa pa adaputa, koma sidzachita fokasi yokha, chifukwa malenzi a mtundu wa D amadalira injini yaing'ono imene ili m'thupi la D7200, ndipo adaputa ya FTZ ilibe injini imeneyo. Mudzayenera kuipotokola ndi dzanja kapena kugula ina. Musaiwalenso fumbi la mwezi wa Okutobala: kamera yopanda kalilole m'kati imasiya sensa poyera mukamasintha lenzi, ndipo ine ndinaphunzira kusinthira lenzi m'galimoto mawindo ali otseka, kamera itayang'ana pansi.

Yankho lachitatu, kuchokera kwa wojambula maukwati ku Lilongwe:

Ine ndigwira mfundo imodzi yokha imene mwaitchula mongodutsa, ya zinkhoswe ndi maukwati. D7200 ili ndi malo a makadi awiri, ndipo mukhoza kuiuza kuti chithunzi chilichonse izichilemba pa onse awiri. Z50 II ili ndi malo a kadi imodzi basi. Kadi ikawonongeka pa ulendo wa mbalame mumadandaula nokha, koma ikawonongeka pa ukwati wa mphwanu, mudzakhala ndi mlandu kwa banja lonse, ndipo mwambowo sungabwerezedwe. Zinandichitikirapo kamodzi, kadi inakana kutseguka nditafika kunyumba usiku, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi kadi yachiwiri ija. Choncho ngakhale mutagula yatsopano, D7200 musaigulitse, makamaka poti mtengo umene angakupatseni lero ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito imene ingakugwirirenibe. Shata yake inapangidwa kuti ipirire kujambula ka 150,000, ndiye onani nambala imene yafikapo musanaganize kuti yakalamba.

Ngati mtima wanu uli pa fokasi yamphamvu koma simukufuna kusiya malenzi ndi mabatire anu, ganiziraninso Nikon D500 yogwiritsidwapo kale ntchito. Inatuluka mu 2016, ili ndi madontho a fokasi 153, imajambula zithunzi 10 pa sekondi, ndipo ojambula nyama ambiri anaidalira kwa zaka. Sizindikira mbalame yokha monga Z50 II, ndipo pogula muyenera kuiyesa bwino pamaso pa mwini wake, koma 50mm yanu idzagwira ntchito monga kale.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Bambo, ndachita monga munanenera, ndipo manambala akuchitirani umboni. Zithunzi zonse za nkhwazi zinali pa 1/640, lenzi ili pa 300mm, ndipo fokasi ndinaisiya kuti kamera izisankha yokha, chifukwa dzulo lake ndinali kujambula ana pakhomo ndipo sindinabwezeretse. Loweruka ndinapita kumunda wa mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa kumene akakowa amatera ambiri, ndinaika AF-C ndi madontho 21, shata pa 1/2000, ISO, mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, ndinailola kukwera yokha. Mwa zithunzi za mbalame zouluka zimene ndinajambula, pafupifupi theka zatuluka zakuthwa, chinthu chimene sichinandichitikirepo. Koma ndaonanso zimene mumanena za kutalika kwa lenzi, pakuti mbalame zambiri zikuoneka zazing'ono pakati pa chithunzi, ndipo ndikazidula kuti ziyandikire, nthenga zimayamba kufufutika.

Mayi, zimene mwafotokoza za sekondi yapitayo zandikopa kwambiri, ndipo sindikubisa kuti ndikuifunabe kamerayo. Koma nditawerengera adaputa, mabatire awiri ndi lenzi ina ya 50mm, ndapeza kuti ndalama zanga sizikwana monga ndinkaganizira. Shata ya D7200 yanga ili pa 61,000 chabe. Ndaganiza zoyamba ndi 200-500mm, ndipo ndapempha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti andifufuzire yogwiritsidwapo kale ntchito, adzabwere nayo pa tchuthi cha Disembala. Funso limene ndatsala nalo ndi la kagwiridwe: kodi lenzi yolemera chonchi ingatheke kuigwira ndi manja okha m'bwato limene likugwedezeka, kapena ndiyambiretu kufunafuna monopod, mwendo umodzi wochirikizira kamera?