Ndabwerako ku Fort Mangochi pa njinga yakapalasa

Mwezi watha ndinafunsa ngati njinga yakapalasa ingathe kukwera mapiri kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Fort Mangochi, linga lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Tsopano ndabwerako.

Nditawoloka mlatho wa Bakili Muluzi mbandakucha, ndinakwera chitunda cha Chowe pa msewu wa phula wopita ku Namwera, ndipo pamenepo panangofunika kupirira. Ntchito yeniyeni inayamba nditapatukira mu msewu wafumbi, momwe tayala lakumbuyo linkaterereka pa timiyala, mpaka ndinaphwetsako mpweya pang'ono monga anandilangizira anthu omwe anayankha funso langa lija, njinga n'kuyamba kugwira nthaka bwino. Chigawo chomaliza ndinayenda wapansi, njingayo nditaisungitsa kwa agogo ena amene ananditungira madzi ozizira a mumtsuko.