Ndithandizeni nzeru: masipeya a Hilux ndi zida zosefera mafuta a tchipisi

Moni nonse a pa gulu. Ndili pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Nkhani yanga ndi yayitali pang'ono, mundipirire.

Ndinali ndi Hilux yakale ya injini ya 3L imene ndinkanyamulira mtedza ndi soya kupita ku Lilongwe. Dizilo atavuta mu 2022 ndinatopa ndi kugona pa mzere, ndiye ndinayamba kutolera mafuta ophikira otha ntchito kwa anyamata a chiwaya ndi m'malesitilanti a pa Boma kuti ndiziyendetsera galimoto. Ndinkawasiya mumgolo masabata awiri kuti madzi ndi zinyenyeswazi zikhazikike pansi, kenako n'kusefa pa nsalu, n'kudutsitsanso pa fyuluta ya 10 micron ndi ya 5. Galimoto ndinaiikira thanki yachiwiri. Kuliza ndinkalizira dizilo, injini ikatentha n'kutembenuza valavu. Madzi a ku radiyeta ndiwo ankatenthetsa mafutawo mpaka cha m'madigiri 70, chifukwa akazizira amakhuthala ndipo pampu imavutika kuwakoka, makamaka mu June ndi July. Ndisanazimitse ndinkabwerera ku dizilo kuti m'mapaipi mutsukike.

Mwezi watha galimotoyo inagubuduzika pa msewu wa ku Mkanda. Tinatuluka amoyo, Mulungu alemekezeke, koma chasisi inapindika ndipo ndalama yokonzera ndilibe. Ndatsala ndi injini, giyabokosi, difu, sitata ndi alitaneta, komanso migolo itatu ya malita 200, pampu yamanja, mafyuluta, thanki ija ndi chotenthetsera chake.

Kodi zida za mafutazi ndigulitse pamodzi kapena chimodzichimodzi? Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi injini. Mlamu wanga akuti ndisawauze ogula kuti inkayendera mafuta ophikira, ati akamva athawa kapena adula mtengo pakati. Mtima wanga sukuvomera, koma fizi ya ana ikudikira. Komanso muli malita ngati 120 osefasefa mumgolo, ndipo mnyamata wina wa chiwaya akuwafuna kuti azikazingira.

Mayankho

Makaniko wa ku Kasungu: Achimwene, muwauze. Munthu akatsegula ma injekitala awona yekha kaboni, ndiye adzakutchulani wakuba pa Kamwendo ponse. Pititsani pampu ndi ma injekitala kwa oyeza ku Lilongwe, muyezetsenso compression, wogula muzimuonetsa pepala. Muchotsenso sampu muone ngati oyilo sanachite phala, chifukwa mafuta ophikira akamatsikira mu oyilo amauma ngati ulimbo. Ngati munkasintha oyilo msanga, 3L ija ingakhale ili bwinobwino. Giyabokosi, difu, sitata, zimenezo mafuta sizikuwadziwa, gulitsani pa mtengo wake.

Mayi a Chisomo, Kapiri: Bambo, chonde mafutawo musamupatse mnyamatayo. Akazingidwa kambirimbiri mpaka kuda, akhalanso mumgolo umene mwina munalowapo dizilo. Tchipisi chimenecho adzadya ndi ana athu akuweruka ku sukulu. Bola mugulitse kwa opanga sopo, soda amawalandira bwino.

Wachigayo, Santhe: Migolo, pampu yamanja ndi mafyuluta ndikuzifuna ine, musamwaze. Kuno magetsi akazima timadalira injini ya silinda imodzi. Anthu amaseka akamva za mafuta ophikira, sadziwa kuti ku Paris mu 1900 anaonetsa injini ya dizilo ikuyendera mafuta a mtedza, mtedza womwewu timalimawu. Koma thanki ndi valavu musagulitse kwa munthu wa injini zamakono monga D-4D ya Toyota kapena ina iliyonse ya common rail, aononga ma injekitala odula n'kubwera kudzalira pakhomo panu. Zimenezi ndi za mainjini akale a pampu wamba.

Membala wina: Pa mafuta otsalawo samalani. Kugulitsa mafuta oyendetsera galimoto kumafuna chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Zitsulo gulitsani, koma mafutawo musalengeze ngati dizilo musanafunse ku ofesi yawo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mayi a Chisomo, mwandigwira pamtima, mnyamata uja ndamukaniza lero lomwe, ngakhale wanyinyirika. Ndifufuza amayi opanga sopo. Injini ndiwauza ogula zonse, mlamu akwiye akwiye. Oyilo ndinkasintha pa makilomita 3,000 aliwonse, ndiye sampu ndiitsegula Loweruka ndione.

Bambo a ku Santhe, ndilembereni ku inbox tikambirane. Vuto ndi mayendedwe basi, migolo itatu siikwera pa kabaza. Alipo pa gulu pano amene amadutsa pa Kamwendo ndi lole yopanda katundu kulowera ku Kasungu kudzera ku Kapiri sabata yamawa? Ya dizilo ndithandizapo.