Ma blueberry akutchire adzadza mufiriji, Khirisimasi ndikadyera ku Kasungu: ndiwanyamule bwanji?

Nachisale_NS

Moni nonse abale anga. Ndabwera kudzapempha nzeru.

Ndimakhala ku Truro, ku Nova Scotia, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pa 16 Disembala ndikunyamuka kupita kumudzi, koyamba chibwerereni kuno zaka zitatu zapitazo. Mu Ogasiti mnzanga wa kuntchito ananditengera kumunda kwa alongo ake kufupi ndi Oxford, tauni imene imadzitcha likulu la ma blueberry akutchire m'dziko lonse la Canada. Mpaka anaimika chifanizo cha chipatsocho m'mbali mwa msewu, chachikulu kuposa munthu.

Ine ndinkaganiza kuti tikatola pansi pa mitengo ngati masuku. Kufikako, timitengo take sitifika n'komwe m'mawondo. Anandipatsa chokololera chonga fosholo yokhala ndi mano ngati chipeso, umawerama n'kumapesa timitengoto. Pofika masana msana unali utandikumbutsa kukumba mtedza ku Santhe. Chinandidabwitsa n'chakuti mindayi sadzala ayi. Zimamera zokha n'kumafalikira pansi pa nthaka, mwini munda ntchito yake n'kuchotsa tchire ndi kubweretsa ming'oma ya njuchi nthawi ya maluwa. Akakolola chaka chino, amatchetcha kapena kutentha, mundawo n'kupuma chaka chathunthu. Akuti kutenthako anayamba ndi a Mi'kmaq, eni nthaka a kuno, azungu asanabwere.

Ndinabwerako ndi makilogalamu 9. Tathira m'phala, tadya, koma 6 akadali mufiriji. Ndi ting'onoting'ono poyerekeza ndi a m'sitolo aja, koma kukoma kwake n'kwina, kotsekemera kowawasirako chapatali, ndipo ukadya lilime limada bii.

Tsono ndikufuna amayi, apongozi ndi azakhali alaweko chinthu chimene ndinakolola ndi manja angawa, osati zogula zokhazokha. Koma ulendo wake ndi Halifax, Toronto, Addis Ababa, Lilongwe, kenako minibasi, ndipo kwa amayi kulibe firiji. Chachiwiri, pali mayi amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo komanso mnzanga uja, sindingachoke osawasiyira kanthu. Amene munayesapo, munatani?

MakeTadala

Achemwali, oundanawo aiwaleni. Akasungunuka m'njira amatulutsa madzi a pepo amene sachoka pansalu, mudzalira ndi zovala zonse za ana. Apangeni jamu.

Ine ndili ku Portland, ku Maine m'dziko la America, kumene chipatsochi amachinyadira ngati mmene a ku Karonga amanyadira Kilombero. Boma la kuno linachisankha kukhala chizindikiro chawo mu 1991, ndipo chambiri chimachokera kumtunda uko ku Washington County, madera a Cherryfield ndi Machias. Pafupifupi chonse chimaumitsidwa mufiriji chikangokololedwa, choncho musadandaule kuti anuwo agona miyezi inayi. Jamu wake amatuluka bwinobwino.

Mmene ndimapangira ine: makapu 4 a zipatso, makapu awiri ndi theka a shuga, masupuni awiri akulu a madzi a ndimu. Ikani zonse m'poto wokhuthala pansi, phwanyaniko zina ndi mthiko, muzitakasa pamoto wapakatikati mphindi ngati 20. Musachokepo kukayankha foni, amapserera msanga. Kuti mudziwe ngati wapsa, ikiranitu kambale mufiriji, dontheziranipo pang'ono, dikirani kamphindi n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya, wapsa. Akayenderera ngati madzi, apatseninso moto.

Apa ndiye pofunika kwambiri poti kwanu kulibe firiji: gulani mabotolo ang'onoang'ono a 250 ml okhala ndi zivindikiro zatsopano. Atsukeni, akhale otentha pothira jamuyo, siyani kampata pamwamba, pukutani kukamwa kwa botolo, tsekani, kenako muwawiritse onse m'madzi owamiza kwa mphindi 10. Akamazizira mumva zivindikiro zikulira chimodzichimodzi, zikulowa mkati. Limene chivindikiro chake chikudidizika ndi chala silinatseke, limenelo idyani konkuno. Muyezo ndakupatsaniwu umadzaza mabotolo awiri, lachitatu n'kutsala pang'ono. Musaphike makilogalamu onsewo m'poto umodzi, sagwira bwino, phikani pang'onopang'ono.

Chifukwa chake ndikuti ang'onoang'ono: likatsegulidwa liyenera kutha msanga. Koma pakhomo pali ana, sindikhulupirira kuti lingagone masiku atatu.

Jamu musamuike m'chikwama cha m'manja. Pabwalo la ndege amamuwerengera ngati zamadzi, ndipo malire ake ndi 100 ml. Ine ananditayitsa mabotolo awiri ndikuona, mtima unawawa mpaka ku Chileka. Botolo lililonse lilowe m'jumbo, mulikulunge ndi sokosi kapena chitenje, likhale pakati pa zovala m'chikwama chachikulu. Muwerengerenso kulemera: lodzaza limafika pafupifupi theka la kilogalamu, ndiye khumi akudyerani malo aakulu pa makilogalamu 23 aja.

Bambo_a_Chiko

Alongo, ine ndiseke kaye. Zaka zitatu anthu akudikira, inu kutsegula chikwama n'kutulutsa zipatso zakutchire? Alamu anu adzafunsa kuti foni ili pansi pake kapena. Ine ulendo woyamba ndinanyamula manyuchi a mapulo aja, ndikudzimva kuti ndaganiza mwakuya. Nditabwereranso patatha zaka ziwiri ndinapeza botolo lili pakabati, losatsegula, pambali pa chithunzi cha ukwati. Akuti linali lokongola kwambiri, ankaopa kuliwononga.

Ndiye malangizo anga ndi amodzi: chilichonse mutenge, mukatsegule nokha, mudye nawo limodzi tsiku lomwelo.

Ine ndili ku Saguenay, ku Quebec. Kuno anthu a m'dera la Lac-Saint-Jean amatchedwa dzina la chipatsocho, ma Bleuets, ndipo sakwiya nalo. Mphatso yotchuka ndi zipatso zaziwisi zokutidwa ndi chokoleti, za kufakitale imene anayambitsa ansembe a Trappist ku Dolbeau-Mistassini. Koma imeneyo imapezeka masabata ochepa a nthawi yokolola basi, ndipo sichedwa kuwonongeka. Mu Disembala mupeza ya zipatso zouma, yomwe ndi yabwino kupatsa mayi a nyumbawo. Ku Kasungu ayi. Kutentha kwa m'minibasi ikafika ili phala.

Komanso za azungu anuwo, ganizani bwino. Munthu amene alongo ake ali ndi munda wonse, inu mukamupatse jamu wa zipatso za m'munda momwemo? Zili ngati kupititsa usipa ku Nkhata Bay.

Wa_ku_Area25

Ine sindinakwerepo ndege, koma ndiyankhe monga woimira olandira.

Ma blueberry timawaona kuno m'masitolo akuluakulu, m'timapulasitiki ting'onoting'ono, akuluakulu aja olimidwa. Mtengo wake ndimangoyang'ana n'kudutsa. Ndiye ambiri kumudzi adzakhala akulawa koyamba, ndipo ndikulonjezeni, amayi anu adzayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Si nthudza izi?" Muvomere, musatsutsane nawo. Kumbukiraninso kuti mukufika nthawi ya mango, ana akhuta kale, chipatso pachokha sichiwadabwitsa.

Pamene jamuyo adzagwire mtima ndi m'mawa wa Khirisimasi. Tsiku limenelo ngakhale nyumba yosauka imayesetsa tiyi wamkaka ndi buledi kapena masikono, anthu asanapite kutchalitchi, mpunga ndi nkhuku zisanafike. Muike botolo patebulo pamenepo. Mugule buledi wokwanira pa Kasungu boma, osati mikate iwiri.

Kwa apongozi musalakwitse achemwali. Botolo lipite pamwamba pa chitenje, paketi ya shuga ndi sopo, ndipo mupereke mutagwada monga mwa nthawi zonse. Botolo lokhalokha adzati Canada yakusinthani.

Ndipo pabwalo la ndege la Kamuzu akakufunsani ngati mwanyamula zakudya, nenani zoona, muonetse. Zophikidwa ndi zotsekedwa bwino n'zosavuta kufotokoza kusiyana ndi zaziwisi.

Nachisale_NS

Zikomo nonse. Bambo a Chiko, za usipa ku Nkhata Bay zandilowa, ndaseka mpaka mnzanga wogona naye nyumba anabwera kudzaona.

Make Tadala, Loweruka ndinaphika kawiri, atuluka mabotolo asanu otseka bwino, limodzi linakana, tikudya. Ndiphikanso kawiri sabata ino, akwane khumi: atatu kwa amayi, awiri kwa apongozi pamwamba pa chitenje monga mwalamulira a ku Area 25, limodzi azakhali, otsalawo a m'mawa wa Khirisimasi.

Za azungu anga ndinaganiza zowaphikira chigumu chathu, n'kuthiramo zipatso zawo. Ufa wachimanga wa kuno ndi wachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa, koma umatheka. Ndinasakaniza ndi nthochi zakupsa kwambiri, shuga pang'ono, soda, n'kuthira zipatso nditazisungunula kale ndi madzi ake omwe. Abale, chinatuluka chobiriwira! Osati pang'ono, ngati ndaphikamo chisoso. Kukoma kunalipo koma sindikanapatsa munthu.

Ndinatengera kuntchito kuti tiseke, ndiye gogo wina amene ndimamusamalira, wa zaka 91, anangoyang'ana n'kunena kuti ndachulutsa soda. Akuti mtundu wa chipatsochi umatembenuka ukakumana ndi soda wambiri popanda chowawasa. Anandiuza kuti ndichepetse soda, ndithire mkaka wowawasa ngati chambiko, ndipo zipatso ndisazisungunule, ndizigubuduze mu ufa zili zoundana, ndizithire pomalizira n'kutakasa kawiri kokha. Ndayesa dzulo, chatuluka chachikasu chamadonthomadontho a pepo. Mayi a nyumba adya zidutswa ziwiri ataimirira, ndiye mphatso yawo yapezeka.

Gogo yemweyo wandiphunzitsanso chakudya cha kuno chotchedwa blueberry grunt. Umawiritsa zipatso ndi shuga ndi madzi pang'ono, pamwamba n'kuika timibulu ta ufa wa tirigu wokanda ngati wa masikono, kuvindikira mphindi 15 osasuzumira. Timibuluto timapsa ndi nthunzi, sipafunika uvuni. Nditamva choncho ndinangoona mbaula ya amayi. Ndikuganiza zosungunula botolo limodzi la jamu ndi madzi n'kuphika chimenechi madzulo a Khirisimasi.

Make Tadala, funso lina: jamu ali kale ndi shuga wambiri, ndiye botolo limodzi ndithire madzi ochuluka bwanji kuti asapserere pamakala timibulu tisanapse? Ndikufuna ndiyesere kuno kaye, ndisakachite manyazi pamaso pa apongozi.