Garchomp wanga akukana kumvera, ndithandizeni ndisanaswe Switch

Membala wobisa dzina: Abale, m'gemu ya Pokémon ndili ndi chilombo chotchedwa Garchomp cha levulo 62 koma pa nkhondo akuchita zake. Ndikamuuza kuti amenye ndi Earthquake amangotembenukira kumbali, mwina kugona kumene, mdani n'kumamukuntha mpaka kukomoka. Dzulo ndagonja kwa kachilombo ka levulo 30, manyazi okhaokha. Switch imeneyi, makina amene ndimasewererapo, ndinagula kwa munthu, ndipo Joy-Con (kontrola) ya kumanzere imayenda yokha, kamunthu kanga kamangolowera m'tchire ine osakhudza. Msuweni wanga anaibwerekanso, pobweza ndapeza Rare Candy yense (maswiti okweza levulo) wadyetsa chilombo china, Psyduck, zilombo zanga zina wazitcha mayina a zibwenzi zake. Kunyumba mayi akuti ndikukalamba ndi zidole. Mabaji, amene umapatsidwa ukagonjetsa akuluakulu a m'gemu, ndili nawo asanu. Gemuyi yawonongeka kapena ndiyambirenso?

Mkulu wa Kanto: Vuto la ana a masiku ano ndi limeneli. Mukufuna chilombo chachikulu musanakhetse thukuta. Ife tinayamba ndi Red ndi Blue pa Game Boy, zilombo 151 basi, chithunzi chopanda mtundu. Ukasankha Charmander, Brock wa gym yoyamba amakusambitsa chokweza ndi Onix wake mpaka uphunzire ulemu. Palibe amene amalira pa gulu.

Sisi Eevee: Achimwene, gemu yake ndi iti? Sword, Brilliant Diamond, Scarlet? Malamulo ake amasiyana. Komanso Garchomp ameneyu munamulera nokha kuchokera ali kamwana kotchedwa Gible kapena wina anakupatsani?

Jolteon99: Mayina a zibwenziwo tatiuzeni kaye kkkkk. Mwina Garchomp wamva kuti anzake atchedwa mayina okoma iye ayi, ndiye wanyanyala.

Bambo a mapasa: Mayiwo akunena zoona. Munthu wa pabanja kumadandaula kuti chinjoka cha m'gemu sichikumvera? Ana anu akumvera?

Mkulu wa Kanto: Bambo a mapasa, nanga pa gulu la magemu mukufunapo chiyani? Gemuyi inatuluka ku Japan mu 1996, amene anaiyamba ali ana lero ali ndi imvi. Musatinyoze. Koma wofunsayo nayenso ayambirenso basi, aphunzire kulera zilombo kuyambira pa levulo 5 ngati mmene tinkachitira.

Sisi Eevee: MUSAYAMBIRENSO chonde. Akulu, musamuphetse munthu ntchito yake yonse pa chinthu chosawonongeka. Chilombo chochita kupatsidwa chikapitirira levulo imene mabaji ako amalola, sichimvera. Zimenezi zinalipo ngakhale mu Red yanu yomweyo: wopanda baji, chilombo chosinthana chimayamba mwano chikangodutsa levulo 10.

Mkulu wa Kanto: Ndikudziwa zimenezo, mwana iwe. Cascade Badge ya Misty imakweza kufika 30, Rainbow Badge 50, Marsh Badge 70, Earth Badge zonse. Ndinaloweza iwe usanabadwe.

Sisi Eevee: Ndiye bwanji mukumuuza kuti afufute?

Wa Johto: Nkhani ya kufufuta imandiwawa. Ine gemu yanga ya Pokémon Silver ndinadzaza bokosi ndi bokosi, Typhlosion wa levulo 100, Lugia, onse. Ndinaisunga m'kabati zaka zingapo, tsiku loitsegula ndinangopeza New Game. Kabatire ka m'kati mwa katiriji kanatha, chifukwa Gold ndi Silver zili ndi wotchi imene imadya batire usiku ndi usana. Ndinakhala pansi osayankhula. Inu muli ndi mwayi, Switch sisunga gemu ndi kabatire koteroko.

Jolteon99: Pepani achimwene, maliro ake tinaphonya.

Dokotala wa ma type: Ine ndikuona kuti vuto si kumvera ayi. Garchomp ndi Dragon ndi Ground, ndiye Ice imamupweteka kanayi. Komanso Earthquake sikhudza zouluka. Anthu ambiri amangodina move yamphamvu osayang'ana kuti kutsogolo kuli ndani.

Sisi Eevee: Adokotala, munthu wanena kuti chilombo chikugona pakati pa nkhondo. Ice ikukhudzana bwanji?

Dokotala wa ma type: Mwina anamuthira Spore, move yogonetsa tulo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Joy-Con ija ndayesa kuipukuta koma ikuyendabe. Msuweni uja akukana zoti anagwira Rare Candy, akuti mwina ndinadyetsa ndekha ndili ndi tulo. Pa mabaji asanu aja, awiri ndinapeza nditagonjetsa nkhanu yaikulu ija ndi chimbalame choponya miyala, ina kwa anyamata a Team Star.

Sisi Eevee: Eyaa, ndiye muli pa Scarlet kapena Violet! Mabaji a ma Titan (nkhanu ndi chimbalame zija) ndi a Team Star sawerengedwa pa nkhani ya kumvera, amawerenga a ma gym okha. Ndiye kuti muli ndi awiri, malire anu ndi levulo 30. Wopanda baji ndi 20, baji iliyonse imawonjezera 5, mukakwanitsa 8 chilichonse chimamvera. Ndipo m'gemu imeneyi ngakhale chilombo chogwira wekha chimachita mwano ngati unachigwira chili pamwamba pa malire. Muikeni m'bokosi, mutenge timu ya levulo yanu, mumalize ma gym. Ngati simunapite kwa Iono wa gym ya Electric ku Levincia, pitani ndi chilombo cha Ground chimene chikumvera.

Mkulu wa Kanto: Mwaona? Gemu ya 2022 mabaji 18, ena ogwira ntchito ena okongoletsa. Kanto, dera la mu Red ndi Blue, inali ndi 8, onse aphindu. Game Freak, kampani yopanga gemuyi, inasokonekera pamene inayamba kupanga zilombo zooneka ngati makiyi ndi ayisikilimu.

Jolteon99: Madala, Voltorb wanu uja ndi mpira wa maso, Muk ndi matope. Tisayambe.

Mkulu wa Kanto: Muk ali ndi ulemu wake, iwe.

Sisi Eevee: Achimwene ofunsa, simunayankhebe. Garchomp munamutenga kuti?

Membala wobisa dzina: Nanga mayina a zibwenzi aja amasinthika?