Kodi zilombo za m'makatuni a ku Japan zinachokera kuti?

Mayi wa ana atatu: Ana anga amakonda makatuni a ku Japan, ndipo ndaona kuti nkhandwe ya michira 9 imene ili mu Naruto ikupezekanso mu Pokémon, ngakhale kuti olemba ake ndi osiyana. Kodi wina anabera mnzake, kapena onse amatunga pachitsime chimodzi?

Mphunzitsi wopuma: Mayi, palibe amene anabera mnzake. Nkhandweyo ndi kitsune ya m'nthano zakale, imene amati ikamakalamba imamera michira ina mpaka kukwana 9 ndipo imatha kusanduka munthu. Zilombo zotere amazitcha yokai. Katswiri wojambula zithunzi wa ku Japan, Toriyama Sekien, anazijambula m'buku lake la mu 1776, ndipo Mizuki Shigeru, mlembi wa makatuni otchedwa GeGeGe no Kitaro, anatengera zambiri pa zithunzi zimenezo n'kuzibweretsa kwa ana a masiku ano.

Wokonda nthano: Aphunzitsi anena zoona, koma chimene chimandidandaulitsa n'chakuti zilombozi anazizula mano. Taganizirani za kappa. Makolo ankati chimakhala mumtsinje, chili ndi chigoba ngati cha kamba kumsana ndi kambale ka madzi pamutu, ndipo chimakokera ana ndi akavalo pansi pa madzi. Wokumana nacho ankayenera kuchiweramira mwaulemu, pakuti nacho chikawerama pobweza ulemuwo, madzi a m'kambale aja amatayika ndipo mphamvu zake zimatha. Nthanoyo inkateteza ana kuti asamasewere pamalo akuya. Lero kappa ndi kachidole komwetulira, ndipo sushi (chakudya cha mpunga cha ku Japan) ya nkhaka amaitcha kappamaki chifukwa amati nkhaka ndiye chakudya chake cha pamtima.

Namwino wa usiku: Achimwene, sindikuvomereza kuti zonse zinasanduka zoseweretsa. Mu 2020, Covid itavuta, anthu a ku Japan anakumbukira Amabie, chilombo cha mlomo ngati wa mbalame, tsitsi lalitali, mamba ndi miyendo itatu, chimene pepala la mu 1846 linati chinatuluka m'nyanja m'dera limene lero ndi Kumamoto n'kulangiza kuti mliri ukagwa, anthu azionetsana chithunzi chake. Ojambula anachifalitsa pa Twitter, ophika anachiumba pa maswiti, ndipo unduna wa zaumoyo unachiika pa mauthenga ake ochenjeza anthu za matendawa.

Mayi wa ana atatu: Zikomo nonse. Ndawafotokozera ana za kappa, ndipo wamng'ono wakhala akuweramira aliyense wolowa m'nyumba kuyambira dzulo.